Mabala a kutsidya ndi mabala a kuno

Pamaliro sitiwerenga ngongole za womwalira. Woyankhulira banja amaimirira, nachula kumene munthuyo anabadwira, ana amene wasiya, mpingo umene ankapemphera, ndipo zotsalazo amazisiya kuti zilowe m'manda pamodzi ndi bokosi. Mwambo umenewu ndi wabwino, ndipo ine sindikufuna kuugwetsa. Koma woimba akamwalira pamatsala cinthu cimene sicilowa m'manda. Nyimbo zake zimalirabe m'magolosale, m'maminibasi, pa misika ya Biri-Biri ndi Lizulu, ndi m'mafoni a ana amene sanamuonepo ndi maso. Kodi nyimbozo nazo tizizicitira mwambo wa maliro mpaka kalekale, kumangoziyamikira basi? Kapena tili ndi ufulu, mwinanso udindo, wonena pamene zinalimba ndi pamene zinafooka?

Ndikufunsa cifukwa ca Lucius Banda, amene anamwalirira ku Johannesburg pa 30 Juni 2024 naikidwa kwao ku Balaka. Kuyambira tsikulo, mbali zonse ziwiri za malire mawu ndi amodzi: Soja, msilikali wa amphawi. Ine ndikufuna ndikambe za cimbale cake coyamba, Son of a Poor Man, ndipo ndikamba monga munthu wocikonda. Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Nyimbo imene sinakugwire mtima suvutika n'kuifufuza zolakwa, umangoidutsa. Imene wakhala nayo zaka makumi atatu ndiyo umaidziwa pamene imatsimphina.

Lucius anabadwa mu 1970 ndipo anakulira mu Alleluya Band, gulu la pa mpingo wa Katolika ku Balaka, m'manja mwa mkulu wake Paul Banda. Cimbale coyambaci anakacijambulira ku Johannesburg, ndipo cinafalikira mu 1994. Caka cimeneco ife a kuno sitingaciiwale. Pa 4 Okutobala 1992 a Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama anali atasaina mtendere ku Roma. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera zipani zambiri, ndipo pa 17 Meyi 1994 a Kamuzu Banda anagonja kwa a Bakili Muluzi. Kumapeto kwa Okutobala caka comweco nafenso tinaponya voti koyamba. Pakati pa masiku amenewa anthu a ku Tsangano, Angónia ndi Macanga anali kubwerera kumabwinja kwao kucokera m'midzi ya Ntcheu ndi Dedza, kumene ambiri anakhala kwa abale, osati m'misasa. Malawi panthawiyo anali atasunga anthu a ku Moçambique oposa miliyoni imodzi. Obwererawo ankasenza makasu, mbewu, mapoto, ndipo amene anali ndi mwayi ankasenzanso wailesi ya kaseti. Nyimbo za Lucius zinaoloka msewu wa M1 pamutu, m'mitolo.

Mphamvu ya cimbaleci ili pa nyimbo imodzi, Mabala. Pali zina zimene anthu anazikonda, monga Linda ndi Life on Earth, koma mukafunsa munthu wa zaka makumi asanu lero, dzina limene lituluke msanga ndi limenelo. Cimene nyimboyi inacita n'cosavuta kucifotokoza. Kwa zaka makumi atatu ku Malawi kunali wailesi imodzi yokha, MBC, ndipo nyimbo zokhudza boma zimene zinkamveka poyera zinali zotamanda Ngwazi. Munthu amene m'bale wake anatengedwa usiku n'kukatsekeredwa ku Mikuyu popanda mlandu ankadandaulira m'bulangete. Wobwezedwa pakhomo la msika kapena pa basi cifukwa cosowa khadi la cipani ankabwerera mwakacetecete. Ndiye mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zocepa anatenga zonsezo n'kuzipatsa dzina limene gogo wosaphunzira amalidziwa. Sanazichule kuti kuphwanya ufulu wacibadwidwe, monga ankanenera a mabungwe. Anazichula kuti mabala. Bala aliyense amalidziwa: limawawa usiku, limanunkha likabisidwa, limaitana nchenche. Mawu amodzi a Cicewa ananyamula zimene malipoti a masamba mazana ankavutika kunyamula.

Pa kulimba mtima kwake tiyenera kunena moyezera. Citseko sanacitsegule yekha. Mabishopu a Katolika anali atawerengetsa kale kalata yao m'mipingo pa 8 Marici 1992, moyo wao uli pangozi. A Chakufwa Chihana anali atamangidwa mu Epulo caka comweco atangotsika ndege. Wolemba ndakatulo Jack Mapanje anali atakhala m'ndende kuyambira 1987 mpaka 1991. Lucius anapeza citseko cili cotsekuka pang'ono. Cimene anawonjezera iye n'cakuti analowetsa anthu wamba pa citsekoco. Kalata ya mabishopu inawerengedwa Lamulungu limodzi, apolisi n'kuyamba kuisaka. Kaseti inkalira tsiku ndi tsiku pa cigayo, ndipo wogula ufa ankacoka akuing'ung'udza. Imeneyo ndi nchito yaikulu, ndipo siifunika kuikometsera ndi bodza lakuti panalibe ena patsogolo pake.

Mawu ake enieniwo, a pakhosi, nawonso ndi mphamvu. Saimba ngati munthu wolalikira ali pa guwa. Amaimba ngati munthu amene wakhala nawe pa mkeka, ndipo ngakhale akwiye, kulira kumamvekabe pansi pa mkwiyowo. Oimba ambiri amene anadza pambuyo pake anatengera mkwiyo, kulirako n'kukusiya.

Tsono zofooka. Coyamba ndicidutsa msanga, cifukwa ambiri anacinenapo. Zida za m'cimbalemo, kwa khutu langa, ndi za ku Johannesburg kuposa za ku Balaka. Zaka zimenezo Lucky Dube anali atadzaza dera lonse lino ndi zimbale zake Slave ya 1987 ndi Prisoner ya 1989, ndipo mthunzi wake ukuoneka pa kiyibodi, pa kagundidwe ka ng'oma, ndi pa amayi oyankhira. Nyimbo ina inabwereka ngakhale dzina, Get Up Stand Up, limene dziko linkalidziwa kale kucokera kwa Bob Marley ndi Peter Tosh. Simudzamvamo kuponda kwa ingoma yathu ya Angoni kapena mbalule ya ku dambwe. Izi sindiziwerengera mlandu waukulu. Mphika wobwereka umaphika nsima ya ufa wako, ndipo mnyamata woyamba kumene amayenera kubwereka. Cimene cimandiwawa pang'ono ndi ca cilankhulo. Cimbale conena za mwana wa mmphawi cili ndi dzina la Cingerezi, limene mmphawi mwiniwakeyo sakanaliwerenga pa cikuto. Ife a kuno, amene kusukulu tinaphunzira Cipwitikizi, nyimbo za Cingerezizo tinkazidikira kuti zithe, kapena kuzunguliza tepi ndi bolopeni kusunga mabatire.

Koma regeyo sanabwere ndi zida zokha. Anabweranso ndi kagawidwe kake ka dziko. Mu nyimbo za ku Jamaica anthu ali pawiri: Babulo wopondereza, ndi osauka oponderezedwa. Lucius anakutenga kagawidweko, ndipo cimbale cake cotsatira anacicha Down Babylon. Apa ndi pamene ndikufuna tikhale pansi, cifukwa mphamvu ya cimbaleci ndi kufooka kwake zamera pa muzu umodzi.

Taganizani za dzinalo, mwana wa mmphawi. Limanenedwa ngati umboni. Ndine mwana wa mmphawi, conco ndimvereni, ndikunena zoona, ndili kumbali ya olakwiridwa. Ndipo n'zoona kuti wosauka amaona zinthu zimene wokhuta saziona. Koma mnyamata wa Youth League amene ankaima pakhomo la msika kufunsa makhadi anali mwana wa yani? Wa Payoniya amene ankamenya anthu anali mwana wa nduna? Ambiri a iwo anali ana a alimi osauka, olowa m'magulumo cifukwa kumudzi kunalibe nchito, nsapato, ngakhale cakudya cokwanira. Mu Disembala 1993, asilikali a Malawi atawalanda zida pa nkhondo imene inachedwa Operation Bwezani, ena a iwo anathawira mbali yathu ino, opanda kanthu m'manja, monga momwe ife tinathawira kwao. Mwana wa mmphawi analandira cikoti, ndipo mwana wa mmphawi yemweyo ndiye anagwira cikotico. Umphawi suyeretsa munthu. Nthawi zina ndiwo umamugulitsa motsika mtengo kwa amene akufuna dzanja lomenyera.

Zimenezi m'cimbalemo ine sindizimva. Womvera aliyense amaikidwa kumbali ya wovulazidwa, ndipo wovulaza ali kutali, pamwamba, ku likulu. N'cifukwa cake nyimboyo inakoma kwa aliyense. Ngakhale amene ankayenda ndi buku la makhadi akanatha kuivina osamva kuti ikumunena.

Ku Malawi mwina kagawidweko kanali ndi poimira. Kunali cipani cimodzi, mtsogoleri mmodzi, ndende zodziwika maina. Nduna zitatu ndi phungu mmodzi, a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga, anaphedwa ku Mwanza mu Meyi 1983, boma n'kunena kuti inali ngozi ya galimoto. Ulamuliro utasintha, nkhaniyo inafufuzidwa, a Kamuzu ndi a John Tembo anazengedwa mlandu mu 1995, ndipo khoti linawapeza osalakwa. Mu Januwale 1996 a Kamuzu anapepesa mtundu pa zowawa zimene zinacitika m'nthawi yao. Panakhazikitsidwanso bwalo lopereka cipepeso kwa ozunzidwa. Munthu angatsutse kuti zonsezi sizinakwanire, koma panali cala ndipo panali polozera.

Nanga ife? Nkhondo yathu inalibe nkhope imodzi. Frelimo ndi Renamo anali maina a pamwamba, koma pansi pano amene anabwera usiku kudzatenga ng'ombe ankadziwa khola cifukwa wina wa m'mudzi momwemo analondolera njira. Wina anali wa milisiya. Wina anatengedwa ali kumunda ali ndi zaka khumi ndi zitatu, anasenzetsedwa katundu, kenako anapatsidwa mfuti n'kuuzidwa kuti akapanda kuombera aomberedwa ndi iye. M'banja limodzi mwana wina anali uku, wina uko. Mtendere utabwera, nyumba ya malamulo ku Maputo inakhazikitsa lamulo lokhululukira onse mu Okutobala 1992. Sipanakhale bwalo lofufuza zoona ngati lija la a Desmond Tutu ku South Africa. M'midzi yambiri wobwera ku nkhondo ankasambitsidwa mankhwala, zovala zake n'kuotchedwa kapena kutayidwa, mizimu n'kuuzidwa kuti mwana wabwera, ndipo kuyambira pamenepo nkhaniyo siinkayankhulidwanso.

Anthu ophunzira a kunja amakonda kunena kuti kukhala cete kumeneku kunali mantha, kapena kusadziwa ufulu. Ine sindivomereza. Anthu anawerengera. Anadziwa kuti akayamba kuchulana maina, mudzi sumangikanso, cifukwa amene ukamuloze ndi mlamu wako, ndipo mawa mufunika kugwirizana pa dima, pa maliro, pa kukonza mlatho wopita kumsika ndi mbatata. Anasankha mbewu m'malo mwa mlandu. Ndipo tayang'anani mapiri a Tsangano lero, kacewere ndi tirigu, magalimoto ocokera ku Tete ndi ku Beira kudzanyamula matumba. Cisankhoco cinabala zipatso.

Koma akulu omwewo anati mlandu suola, ndipo mtengo wa kukhala ceteko sunagawidwe mofanana. Unagwera amayi amasiye, amene ankakumana ndi munthu uja pa citsime m'mawa uliwonse n'kumupatsa moni. Wolakwa anasambitsidwa, nanga wolakwiridwa anasambitsidwa ndi yani? Kwa iye kunalibe mwambo, kunalibe khoti, kunalibe nyimbo.

Apa ndi pamene Mabala inagwira nchito imene mwiniwake, ndikhulupirira, sanaiganizire. Inali nyimbo ya kutsidya, yonena za boma la kutsidya, conco munthu wa kuno akanatha kuitsegula mokweza popanda woti wamunena. Palibe mfumu imene ikanaitanitsa bwalo cifukwa ca kaseti ya ku Balaka. Mayi ankatha kulira pa nyimboyo, anthu n'kumati akumvera cisoni Amalawi. Tinabwereka maliro a eni kuti tilirirepo athu, monga amacitira munthu amene kwao anamuletsa kulira. Kufooka kuja, kosaloza wa pafupi, ndiko kunaicititsa kuti ilowe m'midzi yathu popanda kuyatsa moto. Ikanakhala nyimbo yochula wolondolera njira, bwenzi makaseti ataphwanyidwa.

Ndiye ndinene kuti kufookako ndi ubwino? Ayi, sindifika pamenepo. Mankhwala oziziritsa ululu ndi abwino usiku umene munthu sakugona, koma satulutsa munga. Nyimbo imene imauza aliyense kuti ndiwe wolakwiridwa imatonthoza, ndipo ikamveka zaka zambiri imaphunzitsa mtundu wonse kudziona ngati wosalakwa. Mtundu wotere ukasintha boma umadabwa kuona zakale zikubwerera, cifukwa unkayesa kuti zoipa zonse zinali m'nyumba imodzi ya ku likulu. Mu Cipwitikizi ca tsamba la pambalipa, bala ndi ferida ndipo cipsera ndi cicatriz. Cimbaleci cimadziwa bwino za ferida. Za mmene bala limasandukira cipsera, ndi za dzanja limene liyenera kubwera kudzatsuka pamene linatema, cilibe mawu ambiri.

Ena amaweruza cimbaleci ndi moyo umene woimbayo anadzakhala pambuyo pake, ndipo nkhaniyi siingalumphidwe. Lucius analowa ndale za UDF, cipani ca a Muluzi, amene iwonso kale anali mlembi wamkulu wa MCP. Anaimbira cipanico nyimbo ya kampeni, Yellow. Anasankhidwa kukhala phungu wa Balaka North mu 2004. Mu 2006, atatsogolera zokonza njira yocotsera pulezidenti Bingu wa Mutharika pa mpando, anapezeka wolakwa pa mlandu wa satifiketi ya sukulu yabodza, nataya mpando wake, nalowa m'ndende ya Zomba, kumene anatuluka patapita miyezi yocepa atacita apilo. Cimbale ca Cell 51 Maximum cinabadwira m'menemo. Anabwereranso ku nyumba ya malamulo mu 2014. Ndipo m'zaka zake zomaliza anali mlangizi wa pulezidenti Lazarus Chakwera, mtsogoleri wa MCP, cipani comwe cija cimene mabala ake anawaimba ali mnyamata.

Amene amati uku kunali kugulitsa nyimbo ali ndi mfundo, makamaka pa Yellow. Munthu amene anachuka cifukwa cothetsa nyimbo zotamanda mtsogoleri sankayenera kupeka ina yotamanda cipani, ngakhale cipanico cikhale cokondedwa cotani. Pamenepo sindimuikira kumbuyo. Koma sindivomereza kuti zimenezi zimasandutsa Mabala kukhala bodza. Mboni ikanena zoona pa bwalo lero, mawa n'kukaba mbuzi, zimene inanena dzulo zimakhalabe zoona. Anthu anamangidwadi, anamenyedwadi, ndipo nyimboyo ikanakhala yoona ngakhale woimbayo akanadzakhala munthu woipitsitsa, cimene sanali.

Ine ndimaona kuti moyo wake unanena zimene cimbale cake coyamba cinasiya. Mnyamata wa 1994 anagawa dziko pawiri. Bambo wa zaka makumi asanu anapezeka atakhala pa tebulo limodzi ndi a mbali inayo, nayenso ali ndi mlandu wake umene khoti linalemba, nayenso atalawa ndende. Anafika pamene ife tinafika kale mu 1993, pobwerera kumudzi n'kupeza kuti amene tinkamuopa ndiye watisungira malire a munda. Ife a m'malire tilibe mwala woti timugende nawo pa nkhani yodyera mbale imodzi ndi adani akale. Cimene ndikanakonda n'cakuti akanaimba za ulendo umenewo momveka ngati mmene anaimbira Mabala, kuti tidziwe ngati kunali kukhululuka, kutopa, kapena njala. Zitatuzi zimafanana zikaonekera kunja, ndipo ngakhale m'midzi yathu sitinazisiyanitsebe.

Mwina kumeneku n'kupempha zambiri kwa kaseti imodzi ya mnyamata wa ku Balaka. Iye anaimba za kwao, ndipo za kwaozo anazinena bwino. Nyimbo ya wolondolera njira, ya mwana wosenzetsedwa katundu amene anadzasanduka woombera, sinali yake kuti aiimbe. Inali ya oimba a kuno, m'Cinyanja ca kuno, ndipo ine sindinaimvebe. Mnyamata amene anatengedwa kumunda mu 1986 ali ndi zaka khumi ndi zisanu lero wapitirira zaka makumi asanu. Ali ndi zidzukulu. Tsiku la msika amakhala pa matumba ake a kacewere ku Biri-Biri kudikira ogula, ndipo pa sipika ya wogulitsa mafoni pambali pake pamalira Lucius Banda.